Chimwala Chija Chang'ambika

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Chisepo tili bwino, kungoti mawondo a bambo akuvutabe.

Chimwala chinkatsekereza malo a nyumba yanu chija chasweka! Tinkaopa kuchiswa kuti chingagwere khola. Mwana wanu Tadala atabwera kuchokera ku yunivesite, anachiyeza n'kutionetsa pa kompyuta mmene mng'alu udzayendere, ukukwawa ngati muzu kulowera kudambo. Bambo anangoseka n'kumutengera kuseri kwa chimwalacho. Anali atalemba kale mzere womwewo ndi khala!

Titasonkhapo moto n'kuthira madzi ozizira, chinang'ambika momwemo, khola osalikhudza. Tadala anakuwa, "Agogo, munaphunzira kuti zimenezi?" Iwo anati, "Kompyuta yakoyi ili ndi ulemu, yandimvera."

Mulungu akusungeni, koma bwerani mudzakumbe maziko. Mulibenso chowiringula.

Ine mlongo wanu,
Esinati