Mkazi Wanga Wanyanyala Chifukwa cha Masipika

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba, ndipo ndikupempheni musathamangire kukhala mbali ya mkazi wanga musanamve nkhani yonse. Aliyense amene ndamufotokozera akungoseka, pomwe ine sindikuonapo choseketsa.

Ine ndi mkazi wanga Noreen takhala tikuonera filimu Lachisanu lililonse kuyambira tili pachibwenzi. Ana atakula n'kuchoka, ndinakonza chipinda chapansi pa nyumba ndi manja angawa: kapeti, sofa, sikirini yaikulu ndi masipika asanu. Kunja chipale chofewa chikafika m'mawindo, ife tinkatsika ndi mbale za mbuliwuli, iye n'kukhala kumapeto kwa sofa pafupi ndi nyale ndi zoluka zake, ine pakati. Zinali bwino, sindikana. Koma munthu sungakhale pamodzimodzi moyo wako wonse.

Nditapuma ntchito kufakitale ya mapepala ndinayamba kucheza kwambiri ndi Arvo, mnzanga wakale wa kuntchito. Arvo ndi katswiri pa za masipika. Chipinda chake chili ndi mpando umodzi wokha, pakati penipeni, ndipo atandikhazikapo ndinamva mvula ya mufilimu ikugwa pamwamba pa mutu wanga. Ndinabwerera kunyumba ndikuona zanga zija ngati zidole. Ndiye ndinayamba kukonza pang'onopang'ono. Ndinagula ampulifaya yatsopano, makina oyendetsa masipika onse, ndinawonjeza masipika awiri kumbuyo, sofa ndinaikoka kuichotsa kukhoma. Sabuwufa, chibokosi cha mawu ogunda chija, ndinaipezera malo mwa njira imene aliyense wodziwa amachita: umaiika pampando pako, iwe n'kumakwawa m'mbali mwa khoma kumvetsera pamene kugundako kukumveka bwino. Noreen anandipeza ndili chokwawa, khutu lili pakapeti. "Wataya chiyani, Gord? Mano?" Ndinangomusiya, chifukwa munthu wosadziwa zinthu sulimbana naye.

Kenako ndinayeza chipinda. Aphungu, kuyeza si masewera. Ampulifaya imabwera ndi kamaikolofoni. Umakaimika pampando womvererapo, pamene pamakhala makutu, umazimitsa chotenthetsera nyumba ndi firiji yomwe, nyumba yonse zii, makinawo n'kumatulutsa timawu pa sipika iliyonse payokha mpaka onse atagwirizana. Ndinathera tsiku lathunthu, nyumba ikuzizira, Noreen atavala jekete kukhitchini akung'ung'udza. Koma zotsatira zake, eee! Ukakhala pakati pa sofa, chitseko chikamenyetsedwa mufilimu umacheuka ndithu.

Vuto ndi ili. Chaka chatha dokotala anauza Noreen kuti khutu lake lakumanzere layamba kufooka. Ndinamumvera chisoni, inde. Koma kuyambira pamenepo filimu sitinaonerenso mwamtendere. Munthu mufilimu asanatseke pakamwa, "Wati chiyani?" Ndikamamufotokozera, wina walankhula kale, "Nanga uyu?" Bomba likaphulika, "Tsitsa, Gord, mutu wanga!" Ndikatsitsa, "Tsopano akunong'ona." Anandipempha kuti tiziyatsa mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Ndinakana. Kodi ndinavutikira chithunzi choyera chonchi kuti ndizichidetsa ndi malemba ngati chikwangwani cha pamsewu? Anandipemphanso kuti ndikweze sipika yapakati, imene imatulutsa mawu a anthu. Ndinamufotokozera bwinobwino, mosakalipa, kuti makina anayeza kale, ndipo ukakweza imodzi wawononga zonse. Ndinamuuza kuti ngati lavuta ndi khutu, mankhwala ake ndi kachipangizo kothandiza kumva, osati kupotoza masipika. 

Mwezi watha ndinaitana Arvo kuti adzamvere. Ndinamukhazika pamalo panga, n'kumuikira filimu ya nkhondo imene timayesera masipika. Sanachedwe, anakweza dzanja. "Aise, taimitsa. Yapakatiyi ikukuwa ngati wogulitsa malonda. Unayezadi iwe, kapena unangoyerekeza?" Aphungu, manyazi amene anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Nditayang'ana mu ampulifaya ndinapeza yapakati itakwezedwa kutali. Noreen! Anadikira tsiku limene ndinapita kukawedza panyanja madzi ataundana, anatenga rimoti, anafufuza mpaka anapeza pokwezera. Ndipo masabata angapo anakhala phee pambali panga, akuluka, akuseka nthabwala za mufilimu, osandiuza kanthu.

Arvo atapita ndinabwezera zonse m'malo mwake, n'kukiya ampulifaya kuti munthu asadzasinthenso. Ndinakwera kukhitchini. "Noreen, wagwira yapakati?" "Eya, ndagwira." "Mobisa?" "Ndinakupempha poyera, unandilowetsa m'kalasi." Ndinamuuza kuti wandichititsa manyazi pamaso pa mlendo. Iye akuti, "Mlendo wakoyo wamva msanga, nanga iwe masabata onsewa unali kuti? Gord, ine ndimangofuna kumva zimene anthuwo akunena. Helikoputa ndaimva, yandikwana." Kenako anandifunsa kuti kamaikolofoni kaja ndinakaimika pati poyeza. Ndinati pakati, pamene pamayenera. "Ndiye khala pakatipo," anatero.

Kuchokera tsiku limenelo sanatsikenso. Lachisanu amakhala kukhitchini, kafoni atakatsamiritsa pachitini cha shuga, tomvetsera tili m'makutu, akuonera filimu yomweyo imene ine ndikuonera pansi. Kafoni, Aphungu! M'nyumba imene muli masipika asanu ndi awiri! Kumeneku si kundinyoza dala? Mbuliwuli amakazingabe, koma mbale yanga amandiikira pamwamba pa masitepe ngati akudyetsa galu.

Tsopano ndafika pa gawo lomaliza la pulani yanga, masipika anayi a musiling'i. Ali m'makatoni, malo ndinalemba kale ndi pensulo, Arvo akubwera Loweruka ndi macheka. Noreen ataona mizere ija anati, "Ukaboola siling'iyo usanandikonzere mawu a anthu, usadzandiitanenso kumeneko. Sindikukuopseza, ndikungokuuza." Arvo akuti, "Ingoboola, aise, akamva ubwino wake adzatsika yekha." Koma Arvo samudziwa Noreen. Mkazi wanga sabwereza mawu, ndipo chimenechi ndicho chikundisowetsa mtendere. Sindikufuna kumaonera ndekha mpaka kukalamba, chipindacho ndinakonzera tonse awiri. Komanso sindingalole kuti ntchito yoyezedwa bwino iwonongeke chifukwa cha munthu amene sakufuna kumvetsa. Ndimuuze bwanji kuti amvetse? Ndipo mundiuzeko, poti chipindacho n'chaching'ono, anayi sachuluka?

G.T.H., Thunder Bay

A G.T.H.,

Mwandipempha kuti ndisathamangire kukhala mbali ya akazi anu. Sindinathamange. Kalata yanu ndaiwerenga modekha mpaka pomaliza, ndipo ndafika komweko ndikuyenda. Inenso sindikuseka, ndakwiya.

Akazi anu khutu likuwachokera. Chimenechi n'chinthu choopsa kwa munthu, ndipo ambiri amabisa. Iwo sanabise. Anakupemphani malemba, munakana. Anakupemphani kukweza sipika imodzi, munawalalikira. Atadzithandiza okha, munakiya makina ngati mukubisira mwana machesi. Ndiye mukundifunsa kuti muwauze bwanji kuti amvetse? Bambo, a Noreen anamvetsa kalekale. Anamvetsa kuti chipindacho munayezera mutu umodzi, ndipo mutuwo si wawo.

Za manyazi aja, tiyeni tinene zoona. Yapakati inakhala yokwezedwa masabata angapo, inu muli pamalo abwino koposa, osamva kusiyana kulikonse. Filimu sinawonongeke. Chimene chinasintha n'chakuti akazi anu anayambanso kuseka, ndipo chimenecho munachiona koma simunadzifunse chifukwa chake. Chinakupwetekani ndi pakamwa pa Arvo basi. Arvo yemweyo amene chipinda chake chili ndi mpando umodzi ndiye mwamusankha kukhala mlangizi wa banja lanu? Kugwira ampulifaya mobisa sikunali bwino, ndivomereze, koma munawasiyira njira ina iti?

Ndiye chitani izi. Muimbireni Arvo lero lomwe, mumuuze kuti Loweruka asavutike. Makatoni akhale momwemo, masipika sawola. A musiling'i amanyamula mvula, mphepo ndi ndege, ndipo palibe ngakhale imodzi imene idzathandize a Noreen kumva zimene mtsikana wa mufilimu wanena kwa bambo ake. Mukamaliza kuimba, kwerani kukhitchini musanagwire rimoti, mukapepese. Osati zija zoti "pepa ngati wakhumudwa". Mukatchule zimene munachita, kukana kuja, kulalikira kuja ndi kukiya kuja. Mawu oti "koma" muwasiye pamasitepe.

Kenako tsekulani ampulifaya iwo akuona, ndipo muyezenso. Makina amenewa amalola kuimika kamaikolofoni malo angapo, mukudziwa bwino kuposa ine. Kaimikeninso pamene pamakhala a Noreen, osati pozungulira mutu wanu wokha. Chabwino koposa, apatseni pakati pa sofa, inu musunthe mukhale kumanja kwawo, kumene kuli khutu labwino, kuti mukalankhula azikumvani. Nyale ya zoluka ija sinamere mizu, inyamulika. Sipika yapakati iloze kumakutu, osati kumawondo, ndipo wokweza akhale iwowo, rimoti ili m'manja mwawo, mpaka atanena okha kuti basi. Fufuzaninso pochepetsera kusiyana kwa phokoso lalikulu ndi manong'onong'o, kuti bomba lisamawaswe mutu pamene anthu akumveka ngati ali m'chitsime. Malemba yatsani, diso limazolowera msanga kuposa mmene mukuganizira. Ngati mtima wanu sungapirire, ampulifaya zina zimasunga machunidwe awiri. Onani ngati yanu imatero, ena akhale a Lachisanu, ena a tsiku limene mukufuna kusangalatsa Arvo.

Za kachipangizo kothandiza kumva, mwina munanena zoona, koma munaponya mawuwo pofuna kutseka nkhani, ndipo iwo anadziwa. Nkhani imeneyo ibwere tsiku lina, mofatsa. Kwa dokotala wa makutu mupite limodzi, mukakhale pansi mumve zimene akazi anu akukumana nazo. Inu amene munazimitsa firiji kuti mumve makina, mungathe kutseka pakamwa kuti mumve dokotala. Ndipo akadzavala kachipangizoko, musadzati vuto latha, tibwezere zakale. Adzanena ndi iwo ngati akumva bwino kapena ayi.

Funso lanu lomaliza, loti anayi sachuluka, sindiyankha lero. Si kuti n'lopusa, koma si nthawi yake. Mudzalifunse a Noreen akadzabwerera pasofa mwa kufuna kwawo, ndipo siling'iyo ndi ya nonse awiri, pensulo mudzagwire nonse. Musadabwe akapanda kutsika Lachisanu loyamba. Munawapweteka, ndipo ali ndi ufulu woona kaye ngati mwasinthadi. Aitaneni kamodzi, filimu asankhe iwo, osawakakamiza.

Pomaliza ndikuchenjezeni. Munthu amene makutu ayamba kufooka amachoka pakati pa anzake pang'onopang'ono. Amayamba ndi filimu, kenako macheza a patebulo, mapeto ake amangomwetulira osafunsanso kanthu, chifukwa watopa ndi kuoneka wovutitsa. Funso limene limakukwiyitsani lija, loti "wati chiyani", linali la munthu amene akufunabe kukhala nanu pamodzi. Tsopano lasiya, ndiye musaone ngati mwapeza mtendere. Mukaboola siling'i Loweruka lino, masipikawo adzamveka bwino kwambiri, sindikukayika. Koma a Noreen akangozolowera Lachisanu la kukhitchini, mudzakweza yapakati mpaka pomaliza, mawu n'kumamveka nyumba yonse, iwo osatsika.

Aphungu