Belo ya Achimwene

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Ngabu kwacha ndi mwera wozizira, njiwa zikulira mumtengo wa masawu, ngolo za thonje zikugogoda mumsewu. Yunifolomu ndinavala, koma kusukulu sindinapite. Musakwiye, imvani kaye.

Chichokereni inu, alongo anga a Esinati anabereka mwana wamkazi. Mapira takolola ochepa, mbalame zinatidyera. Koma nkhani yaikulu ndi ya achimwene a Fanuwelo. Mwezi watha ananyamula munthu ndi mbuzi panjinga yawo ya kabaza, osadziwa kuti mbuziyo ndi yakuba. Munthuyo anathawa, iwo n'kumangidwa. Masabata asanu ndakhala ndekhandekha m'nyumba muno.

Paja munkati safunsa anadya phula. Ndinafunsa aphunzitsi, iwo n'kundiuza za belo. Ine ndinamva ngati akuti belu, kalasi yonse kuseka! Koma anati sindinaphonye kwenikweni: belo ili ngati belu la buleki, osati lowerukira. Munthu amatuluka mlandu usanathe, n'kumabwera kukhoti tsiku limene waitanidwa. Sikuti wawina, sikutinso wapezeka wolakwa. Pamangofunika munthu wamkulu womuimira, wotsimikiza kuti sathawa.

Ine msinkhu sunakwane, ndiye ndinapita kwa amalume, mlongo wanu uja. Anati, "Iwe mwana, ukufuna akandimangirire ine pachingwe cha mbuziyo?" Ndinawafotokozera katatu. Anangoti, "Tiona," akuyang'ana kumbali.

Lero kukhoti ndinakhala kumbuyo, maso ali pakhomo, amalume osatulukira. Woweruza atafunsa ngati alipo wowaimira achimwene, ndinayang'ananso pakhomo. Amayi, amalume anadzuka! Anali pakona, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anafika ine ndisanafike! Anadinda chala papepala la belo, ndipo ine ndinaluma kolala kuti ndisakuwe.

Mlandu ukadalipo. Achimwene azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse, ndipo akaphonya, amalume ndiwo adzayankhe. Ndikukulonjezani kuti ndiziwadzutsa ndekha, tambala woyamba akalira.

Tafika pakhomo masana, anthu atatu: achimwene, ataonda komanso atametedwa mpala, amalume, amene akana tiyi koma sakuchoka, ndi ine. A Esinati nawonso abwera ndi mwana. Pano ndikulemba, achimwene agona pamkeka pakhonde, khandalo lili pachifuwa pawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane