Nyanja ya m'buku

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha koopsa, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Lero ndaphunzitsa a Fomu 2 mawu a Chingerezi ofotokozera gombe lokopa alendo: mchenga woyera, madzi oyera, mafunde. Onse amangokopera. Kenako Asiyatu, mtsikana wosayankhulayankhula uja, wakweza mkono.

"Aphunzitsi, nanga nyanja ikathawa, mabwato n'kutsala pamatope, pa Chingerezi timati chiyani?"

Bambo ake anapita ku Mozambique kukasaka ganyu nyanja yathu ya Chilwa itaphwa, mpaka lero sanabwere. Ine ndamuyankha kuti zimenezo sizibwera pamayeso. Wangoti "Chabwino," n'kupitiriza kukopera za mchenga woyera.

Poweruka ndadutsa padoko pouma pa nyanjayo. Mawu wafunsa Asiyatuwotu ndimawadziwa ine. Kaya ndimaopa chiyani...