Masamba a M'munda mwa Ababa

Lolemba, 9 Febuluwale 1959

Sabata yachitatu mvula osagwa. Ndapalasa njinga kuchoka ku Lirangwe mpaka kwathu ku Chileka, chimanga chonse m'njira chapota masamba ngati anyezi. Cha ababa chamasula kale ngayaye, ndevu zatuluka.

Ndapeza mlongo wanga Nellie akupatsa mbuzi masamba aawisi a chimanga. Akuti ababa ayamba kusadzula mizere ya kumtunda, ati masambawo akumwa madzi oti apite ku maso a chimanga. Munda ndi womwewu basi. Alamu ali ku Joni chaka chachitatu, ngakhale kalata. Nellie ndi ana atatu maso ali pomwepa.

Lachiwiri, 10 Febuluwale

Ndayesa kuwafotokozera ababa zimene tinaphunzira ku kosi ya alangizi. Kuti chakudya chimaphikidwa m'tsamba. Muli kanthu kosaoneka ndi maso kamene kamagwira mpweya n'kuusandutsa shuga, shugayo ndiye amakakhwimitsa maso. Mzungu wotiphunzitsa anakatchula dzina lalitali lopinda lilime, ine m'kope ndinangolemba kuti chimera, poti ntchito yake ndi yomweyo: kapang'ono, koma phala lonse tseketseke. Kukacha kamadzuka, kukada kamagona. Tsamba likapota masana silinafe, langotseka kuti lisunge madzi, kachimerako kayamba kadikira.

Ndinalankhula bwino ndithu, ndinadzimva ndekha.

Ababa anandiyang'ana kabudula wa khaki wa ulangiziyu, osati kumaso. "Chimanga chimadya mphepo? Ndiye nawenso, Isaki, uzidya mphepo ya Chitaganya chakocho."

Kenaka anayamba nkhani ya a Lajabu, mnzawo wa ubwana. Chaka chatha ndinawalemba dzina chifukwa chosakumba milambala, anakagona kundende mwezi wathunthu. Ndinawalembadi ndine.

Lachinayi, 12 Febuluwale

Ndinawapempha ababa kuti tilawirire kumunda mame asanakamuke, akaone okha masamba atatambasuka. Sanabwere. Anabwera Nellie. Waona, wagwira, wavomera kuti ndi amoyo. Koma akuti iye sangatsutse ababa, ndiponso anthu akamva kuti banja lathu likumvera mlangizi masiku ano, adzatigwetsera nyumba. Analira pang'ono, n'kunyamula mtolo wa masamba a dzulo kupita nawo kukhola.

Loweruka, 14 Febuluwale

Ababa asadzula mpaka pakati pa munda.

Lolemba, 16 Febuluwale

Ndalakwa lero, ndalakwa kwambiri.

Ndinavula khaki, ndinapita ndi malaya akutchalitchi, ndimati mwina aona mwana wawo. Ndinawapeza mumzere, masamba ali m'khwapa. Ndinapempha kuti asiye ngakhale tsamba limodzi lokha, lija limakhala pafupi ndi chimanga chenichenicho. Thyo, thyo, kumangopitirira. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, ndinawagwira mkono. Ababa anga, ine kuwagwira mkono, a Lajabu ndi anthu ena akuonera m'malire!

Sanakalipe. Anangoti, "Ndimange, si ndiyo ntchito yako."

Ndinawasiya. A Lajabu analowa m'munda osaitanidwa, ena awiri pambuyo pawo, n'kuyamba kusadzula nawo. Pofika masana munda wonse unali mapesi okhaokha. Nellie akuti m'mawa ababa ananena kuti mbali ya kumunsi aisiya kaye aone. Ndikanangokhala ku Lirangwe, theka likanapulumuka. Ukapolo wa pakamwa pangapa.

Lachitatu, 18 Febuluwale

Ntchito sindinagwire. Ndinakhala pamsika wa Lirangwe, palibe wondipatsa moni. Amayi akanakhala moyo akanadziwa kowalowera ababa, ine ndimangodziwa za m'kope.

Lachinayi, 19 Febuluwale

Mvula. Yambiri, kuyambira m'mawa. Anthu akululutira, ine ndili m'nyumba ngati wofedwa.

Loweruka, 28 Febuluwale

Nellie anatumiza mawu kuti ababa akundifuna. M'njira monse chimanga chabiriwira, chija chinapota chija chatambasuka. Ngakhale cha a Lajabu, poti iwo chawo sanasadzule, dzino linawagoneka m'mawa mwake mpaka mvula inabwera.

Ababa ndinawapeza atakhala pamzere, atasenda chimanga chimodzi. Maso apa ndi apo, ofwapa. Anasenda china ndikuona. Chimodzimodzi. Akalamba ababa, sindinkaona.

Anafunsa motsitsa, osandiyang'ana. "Mvula yabwerayi, masambawa saphukanso?"

Ndinafuna kunama, Mulungu akudziwa. Ndinati ayi ababa, chikamasula ngayaye chatha, sichitulutsanso ena.

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anafunsa ngati nkhokwe ingafike mu Ogasiti, ndinati kaya mu Juni. Ndinati Nellie ndi ana ndiwathandiza ine, anati ndamva kwa ndani kuti akukana. Kenaka anasendera, kundisiyira malo pamzerepo. Chibwerereni ku kosi sindinakhalepo nawo pansi chonchi.

"Tanenanso za chimera chako chija. Pang'onopang'ono."

Ndinayamba. Nditafika poti kamakhala m'kati mwa tsamba, ndinadzuka kuti ndithyole limodzi ndiwasonyeze. Ndinayenda mzere wonse mpaka kumalire, ndinabwerera ndi wina. Ababa akundidikira, manja ali pamaondo.

Panalibe tsamba.