Nkhunda Zanu ndi Woyendera Makomo

Okondedwa achimwene a Cosmas,

Akuluakulu a tauni alengeza kuti pa Ntcheu pano palibenso khomo losunga ziweto, ndipo ife tavomera mwaulemu. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo.

Lachiwiri kunabwera bambo woyendera makomo, ataneneratu kuti khola lopezeka ndi ziweto aligwetsa. Anafika masana, nkhunda munatisungitsa zija zili kokadya kudambo. Atasuzumira m'khola, anafunsa kuti zili kuti.

Alamu anu a Christobel anayankha osaphethira: "Bambo, nkhunda zingakhale pakhomo pa ndewu? Ine ndi amuna angawa timakangana tsiku lililonse. Zinathawa kalekale."

Munthu uja anagwidwa chisoni. Anapempha mpando, anatilangiza za banja, n'kutipempherera. Kholalo analisiya chilili.

Atapita ndinaseka mpaka misozi. Kungoti mawu aja anawatuluka mosavuta kwambiri alamu anuwo, ndipo iwo sanaseke nawo. Izo tidzakamba mukadzabwera.

Nkhunda zanu zinabwerera zonse madzulo omwewo, ndipo ziwiri zikufungatira mazira.

Ine mphwanu,
Gracian