Galimoto ya malemu bambo ikugogoda

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa mayi uja sunasiye kupweteka.

Pa wailesi alengeza kuti feteleza wa makuponi anafika kwa mlimi aliyense mvula isanagwe. Wathu wafika ku Kasungu Boma, kukamutenga ndiye nkhani.

Galimoto ya malemu bambo ija ndikailiza m'mawa, injini imagogoda ngati mlendo pakhomo, moti dzana mayi anayankha kuti, "Lowani!" A Phiri amakanika atamvetsera anati, "Ndi mabeyaring'i amenewa. Mukaisenzetsa matumba, injini inoka, iferatu musanafike kunyumba." Mtunda umenewu ngolo singauthe, ndiye tangokhala, kumaiyang'ana galimotoyo pansi pa mango.

Chonde titumizireni mabeyaring'iwo ndi aliyense wobwera kuno. Mulungu akusungeni. Ndine mng'ono wanu Yohane.

Chimanga chafika m'mawondo, chachita chikasu. Makuponi akadali m'Baibulo la mayi.