Mpando Pamaliro a Alongo Anga

Lolemba, 5 Meyi 2025

Kuzizira. Mwendo wadzuka wouma ngati chikuni, koma ululu wa m'nyung'unyu uja palibe. Ndisaname, palibe. Chitsulo chimene anandiika ku tauni chili phee.

Abwera a Stella a kafukufuku, pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ndiwo amayendera ife amene tinapangidwa opaleshoni ya chiuno, ati aone ngati zitsulozi zimakhalitsa mwa anthu ogwira khasu. Andiyendetsa kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe, kubwereranso, iwo diso pa wotchi. Kundipinda mwendo, kuutambasula, kulemba. Kunditembenuza ngati fodya wopita ku okushoni. Mwana wa dzulodzuloli, koma kulamula kwake!

Malamulo omwe aja. Osakhala pansi. Osagwada. Osanjuta kuchimbudzi. Mpaka miyezi itatu ithe. Ati, "Agogo, bondo likakwera kuposa chiuno, chitsulo chiguluka." Ndinati ndamva. Mumtima ndinafuna kufunsa ngati kwawoko akazi amabadwira pampando.

A Goliati, mkamwini wanga, andikhomera mpando wa bulugamu. Wautali. Ndikakhalapo zala zokha ndizo zimafika pansi. Ngati woweruza milandu.

Lachinayi, 8 Meyi

Mpando uja wandiputira.

Anabwera akulu a mpingo kudzandizonda. Iwo pa kabenchi, ine pamwamba, kuwaona pa dazi. Sindinagwade. Ndinapereka moni ndili chikhalire ngati mwamuna. Chibadwire sindinachitepo.

Ndipo anayenera kuona ndi Mariya, eti. Mkazi wa alongo anga a Yonasi. Amadutsa ndi ndowa, n'kuima, n'kuyang'ana, n'kupita. Madzulo Chrissy mwana wanga akubwera nazo kuchokera ku mjigo. Ati Mariya amati, "Adona abwera ndi chiuno cha azungu, pansi pano pakuwanunkhira."

Mkazi ameneyu chibwerere m'mudzi muno pa chitengwa sitinasekerepo limodzi. Pamene ndinkakwawa ndi ululu ankati ndikuthawa kulima. Lero ndaimirira, ati ndikunyada. Ndiye ndichite chiyani, ndife?

Chrissy mwezi wake wakwana. Akuyenda atagwira msana. Tonse awiri m'nyumba muno opindika.

Lamulungu, 18 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Amayi a Chigwirizano onse pansi kutsogolo, ine ndekha pampando? Ayi.

Chrissy anachira Lachitatu ku chipatala cha Kabudula. Mtsikana. Amandipatsa khandalo pamiyendo ndili pamwamba pomwepa, mtima uli m'mwamba kuopa kuligwetsa.

Masana ndinapita kwa a Yonasi, pang'onopang'ono ndi ndodo zanga, a Goliati atasenza mpando kumbuyo. Ana m'njira kuseka. Alongo anga atha. Chifuwa chija chawadya, mikono ngati mapesi. Munthu amene anandibereka kumbuyo amayi atamwalira, amene ankandisiyira mbatata yake n'kumati wakhuta.

Atagona pamkeka, ine kumwamba. Kuti ndiwagwire dzanja ndinachita kuwapatsa nsonga ya ndodo. Anaseka mpaka kutsokomola. Ati, "Khala pomwepo mlongo. Ukaguluka andilira ndani?"

Mariya pakhomo, kusankha mtedza, osadzutsa mutu. Madzi akumwa sanandipatse.

Loweruka, 24 Meyi

A Stella abweranso. Ati ndikuyenda bwino kuposa ena onse a ku Nsaru ndi ku Nambuma kuno. Anakondwa ngati mwendowo ndi wawo.

Ndinawafunsa pang'onopang'ono kuti amve. Ndinati kukagwa maliro a pafupi, munthu atani? Anayankha msanga, ngati ndafunsa mtengo wa mchere. "Mutenge mpando wanu, agogo, anthu amvetsa."

Anthu ake ati? Mlongo wa malemu amakhala pamphasa, kumutu kwa bokosi, miyendo chitambasulire. Ndi malo ake. Mipando ndi ya amuna, panja, pansi pa mtengo. Zimenezi m'mabuku awo a zitsulo mulibe. Amayeza mwendo, munthu wake osamuyeza.

Sindinawauze zonsezi. Ndimuuzirenji munthu amene waliza kale njinga.

Lachiwiri, 27 Meyi

A Yonasi atisiya. Dzuwa litangopendeka.

Sindilemba zambiri lero.

Mawa kuika. A Goliati ati mpando akaulowetsa m'nyumba ya siwa m'mawa, auike pafupi ndi khomo. Chrissy wandilumbiritsa kuti sindikhala pansi. Ndavomera.

Lamulungu, 1 Juni

Ndili m'chipatala cha mafupa, ku tauni. Chagada. Pilo pakati pa miyendo. Ndilemba zonse mwandondomeko, poti mutu ukungozibwereza.

Lachitatu m'mawa ndinalowa m'siwa. Nyumba yodzaza, amayi thithithi pansi, bokosi pakati. Mpando wanga pakhomo, wautali ngati nsanja ya mbale. Nditakwera, nyimbo inatsika. Sinaleke, inangotsika. Maso. Azimayi ochokera kwawo kwa Mariya sankadziwa za opaleshoni, kumagundana zigongono. Malo anga a kumutu ali mbee, palibe wokhalapo.

Ndinapirira. Nyimbo ziwiri ndinapirira.

Kenako Mariya anayamba kulira kwa mawu. Namfedwa akamalira amanena zimene wafuna, ndipo sayankhidwa. Iye amadziwa zimenezo. Anayamba bwinobwino, za munda, za ana. Ndiye n'kutembenuka. "Amuna anga ine, dzukani muone! Alongo anu akukulirani ali pamwamba ngati abwana! Munawalera kuti adzakupondeni pamutu lero!"

Kawiri.

Ukayankha namfedwa ndiwe mfiti. Ukatuluka ndiwe mfiti. Ndinatsala ndi njira imodzi.

Ndinatsika. Ndodo ndinasiya pakhomo. Kugwira mapewa a anthu, kudutsa, kufika kumutu. Ndinadzitsitsa pang'onopang'ono, mwendo uli chiwongokere, mpaka pamphasa. Sichinaguluke. Ndinaika chipumi pa bokosi ndi kulira mlongo wanga monga amalirira anthu. Kwa nthawi imeneyo ndinali mwini maliro. Ndinamuyang'ana Mariya m'maso. Anatseka pakamwa.

Zinachitika podzuka. Adzukulu atalowa kuti anyamule bokosi, aliyense chipwirikiti kupereka njira. Thupi lili ndi chizolowezi chake, silifunsa dokotala. Ndinapinda bondo, kulitembenuzira mkati, kutsamira dzanja, monga ndadzukira pamphasa moyo wanga wonse. Phoo! Ndinachimva m'makutu. Mwendo kufupika, phazi kuloza mkati. Kukuwa kumene ndinakuwa, ena ankayesa ndikulirabe maliro.

Galimoto imene inabweretsa bokosi ndi imene inanditenga. Anandigoneka kumbuyo pa matiresi. Tikutuluka m'mudzi, gulu linali litayamba ulendo wa kumanda. Anapatuka kuti tidutse. Bokosi la a Yonasi linaima m'mbali mwa njira kupereka mpata kwa ine. Nyimbo ndinaimva mpaka pa dambo.

Sindinaponye dothi. Manda ake sindikudziwa ngati ali pafupi ndi a amayi kapena kumunsi kwa nsungwi.

Lolemba, 2 Juni

Chitsulo anachibwezera osang'amba. Kundigoneka tulo, kukoka, chalowa. Adokotala ati chikagulukanso ndiye mpeni, ndipo miyezi itatu ija iyambirenso poyamba.

A Stella anafika ndi chikwama chawo. Ndinakonzeka kuti akati ndinakuuzani, ndiwatukwane. Sananene. Anangokhala m'mphepete mwa bedi, maso ofiira. Ati ayenera kulemba chimene chinagulula chitsulo, ngati ndinagwa kapena ndinanyamula katundu. Ndinati lembani kuti ndinalira maliro. Anati malo olembapo zimenezo palibe. Ndinati ndiye musalembe.

Chrissy sangabwere, khanda salilola muno. A Goliati ndi mwamuna, komanso mkamwini, angandigwire thupi? Akundithandiza ndi mayi wina wodikirira wodwala wa bedi la pafupi, wa ku Mpingu. Munthu wosamudziwa kumandichotsera beseni. Manyazi ake, Mulungu yekha.

Zonsezi ndi Mariya. Ndikachira ndikamuitanira ku bwalo la mpingo, akabwereze mawu aja opanda misozi. Ndawasunga onse, palibe limene lagwa.

Lachitatu, 4 Juni

Dzulo masana nesi akuti gadiyani wanu wabwera. Ndikuti ndani? Kutembenuza mutu. Mariya. Duku lakuda, kathumba ka ufa pamutu, mapazi otuwa.

Maliro sanamete. Namfedwa sachoka pa siwa asanamete, ngakhale kupita ku chigayo. Iye wakwera minibasi mpaka ku tauni. Kumudzi akumunena bwanji pakali pano, ndikudziwa. Ndi pakamwa pomwe paja.

Sanapepese. Ine sindinamulonjere. Anathokoza mayi wa ku Mpingu, n'kutenga beseni, n'kutseka nsalu. Kunditembenuza amachita mwaukali, ngati thumba la chimanga, koma mwendo anaugwira monga nesi anamuonetsera, osaupinda ngakhale pang'ono. Pondipukuta msana ankachita mothamanga. Kaya ukali, kaya njala.

Tsiku lonse mawu awiri okha, dzukani, imwani.

Lero m'mawa akupesa tsitsi langa, ali kumbuyo kuti tisaonane, ndi pamene ananena. "Ali pafupi ndi amayi anu. Dothi lanu ndinaponya ndine, ndinatchula dzina lanu."

Ndani anamutuma? Dothi langa, m'dzanja lake. Ndinafuna kunena zimenezo. Ndinangoweramitsa mutu kuti apese.

Za bwalo la mpingo sindinasinthe. Ndikuganiza kuti sindinasinthe. Wapita kukaphika phala kuseri, ndipo mchere amachulutsa, a Yonasi ankadandaula zaka zonse. Ndimuuze achepetse? Ndiye kuti ndayamba ndine kulankhula. Uyo akubwera.